Kuponda moto ndi buleki nthawi imodzi: mmene magetsi amapsera m'mapaipi a mafuta

Lita iliyonse ya petulo kapena dizilo imene timafolera pa filingi siteshoni imakhala itakankhidwapo ndi pampu kangapo isanalowe m'thanki ya kabaza kapena minibasi. Pampu ndiyo imatulutsa mafuta m'sitima pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Pampu ina imawathira m'mathanki osungira, ina imawakweza m'galimoto la tanka, ndipo akafika kuno ina imawatsitsa ku depoti. Mapampu onsewa sadya nsima, anzanga. Amadya magetsi, ndipo bilu ya magetsiwo sisowera m'malere. Imabisala mu mtengo umene timalipira tonsefe.

Lero ndikufuna tikambirane za bokosi lina limene silioneka pa zithunzi za pa Facebook koma limapulumutsa magetsi ankhaninkhani. Mainjiniya amalitchula kuti VFD, chidule cha variable frequency drive, ena amangoti draivu. Ntchito yake ndi imodzi: kuuza mota ya magetsi kuti izungulire pa liwiro limene likufunika pa nthawiyo, osati liwiro lake lonse tsiku lonse. Zikumveka zazing'ono eti? Dikirani tifike pa masamu.

Mapaipi amenewa ali kuti?

Ku Malawi kuno tilibe paipi yobweretsa mafuta kuchokera kunyanja yamchere. Athu amabwera pamsewu, ena pa njanji. Koma anzathu oyandikana nawo ali nawo mapaipi, ena akale kuposa makolo athu.

Paipi ya TAZAMA imachoka ku Dar es Salaam mpaka ku Ndola ku Zambia, mtunda wa makilomita 1,710. Inayamba ntchito mu 1968, ndipo kwa zaka zambiri inkanyamula mafuta osayengedwa kupita ku fakitale yoyengera ya Indeni. Kuyambira mu 2023 ikunyamula dizilo woyengayenga kale. Panjira pali masiteshoni opopera asanu ndi awiri: asanu ku Tanzania, awiri ku Zambia.

Ina imachoka ku Beira kukafika ku Feruka, pafupi ndi Mutare ku Zimbabwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Kuchoka pamenepo mafuta amapitirira pa paipi ina mpaka ku Msasa mumzinda wa Harare. Palinso paipi ya gasi ya makilomita 865 yochoka ku Temane ku Mozambique kupita ku Secunda ku South Africa, imene inayamba ntchito mu 2004.

Mafuta sayenda okha m'paipi yaitali chonchi. Amakhulana ndi khoma la mkati mwa paipi, ndiye mphamvu imene anakankhidwa nayo imatha pang'onopang'ono. N'chifukwa chake pakapita mtunda pamaikidwa siteshoni yoti iwakankhenso. Pamene pali magetsi odalirika, mapampu a pa siteshoni amayendetsedwa ndi mota zamagetsi. Kutchire kumene kulibe mawaya amagwiritsa ntchito mainjini owotcha mafuta kapena gasi. Nkhani yathu ndi ya mota zamagetsizo.

Mota ili ndi khalidwe limodzi basi

Mota yodziwika kwambiri m'mafakitale, ngati ija ya pa chigayo cha magetsi, sisankha yokha liwiro. Imatsatira kugunda kwa magetsi amene ikulandira. Magetsi a ESCOM, monganso a maiko onse a m'chigawo chino, amagunda ka 50 pa sekondi iliyonse. Ndiye 50 Hz ija mumaiona italembedwa pa tchaja ya foni yanu. Mota yokulungidwa mwa njira ina ikalandira magetsi amenewa imazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi, yokulungidwa mwa njira inanso pafupifupi ka 1,500. Kaya ntchito yachuluka kaya yachepa, liwiro lake silisuntha kwenikweni. Imadziwa zinthu ziwiri: kuyaka ndi kuzima.

Vuto ndi lakuti paipi sifuna mphamvu yofanana tsiku lililonse. Mwezi uno sitima zafika zambiri, mwezi wamawa zachepa. Mathanki a kumene mafuta akupita akatsala pang'ono kudzadza, pamafunika kuchepetsa. Paipi imodzi imathanso kunyamula petulo ndi dizilo motsatizana, pomwe ziwirizi sizilemera mofanana: lita ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 740, ya dizilo pafupifupi magalamu 840, ndipo dizilo ndi wonandirako. Ngakhale nyengo imalowererapo, poti mafuta akazizira amalimbirako kuyenda.

Kuwonjezera apo, amene amajambula mapulani a paipi sagula pampu yongokwanira ndendende. Amagula yokulirapo poganizira kuti mtsogolo mafuta ofunika adzachuluka. Nzeru yabwino ndithu, koma zotsatira zake n'zakuti kwa zaka zambiri pampuyo imakhala ndi mphamvu zoposa ntchito imene ilipo.

Njira yakale: tseka pang'ono valavu

Ndiye ngati mota sitsika liwiro, ankachepetsa bwanji mafuta oyenda? Yankho lake ndi valavu, chotsekera chimene chimaikidwa kutsogolo kwa pampu. Pampu imakankha ndi mphamvu zake zonse, valavu n'kupanikiza njira kuti mafuta adutse ochepa.

Tangoganizani dalaivala wa minibasi amene waponda moto mpaka pansi kuchoka mu Limbe kulowera m'tauni, ndiye akafuna kuchepetsa liwiro sachotsa phazi pa moto, amangoponda buleki ndi phazi linalo. Minibasi iyendadi pang'onopang'ono. Koma petulo akupita, mabuleki akutentha, injini ikulira. Mwini galimoto atamva zimenezi, dalaivalayo sangagone ali pantchito.

Pa valavu zimachitika zomwezo. Magetsi amene analipiridwa kuti apange mphamvu yokankha, mphamvuyo imakathera pa valavu, n'kusanduka kutentha, phokoso ndi kunjenjemera kwa zitsulo. Pampu yopanikizidwa imachepetsako pang'ono magetsi amene ikudya, koma pang'ono zedi poyerekeza ndi mafuta amene yachepetsa. Palinso njira ina yowononga kuposa pamenepa: kubweza mafuta otsala kudzera pa kapaipi ka m'mbali kuti akalowenso mu pampu. Kumeneko ndiye kutunga madzi n'kuwathiranso m'chitsime.

Nanga VFD imatani?

VFD imakhala pakati pa mawaya a magetsi ndi mota. Mkati mwake mumachitika zinthu zitatu. Choyamba, imasandutsa magetsi ogunda aja kukhala magetsi osagunda, ngati a mu batire, monga mmene tchaja ya foni imachitira. Chachiwiri, imawasunga kanthawi kochepa kwambiri kuti akhale osalala. Chachitatu, timaswitchi ta mkati timayatsa ndi kuzimitsa magetsiwo kambirimbiri pa sekondi, mpaka kupanga kugunda kwatsopano pa mlingo umene woyendetsa akufuna. Akafuna 40 Hz, zitheka. Akafuna 45, zithekanso.

Mota ija inkazungulira ka 3,000 pa mphindi, ikapatsidwa 40 Hz imatsika kufika pafupifupi ka 2,400. Valavu imatsegulidwa yonse. Dalaivala uja tsopano wachotsa phazi pa buleki, akuyendera moto wokha. Ndipo sipafunika munthu woti azikhala pompo n'kumapotokola. Timasensa ta m'paipi timayeza presha ndi kuchuluka kwa mafuta oyenda, kompyuta n'kumauza VFD kuti kweza pang'ono, tsitsa pang'ono, usana ndi usiku.

Ngati kwanu kuli fuliji kapena eyakoni yolembedwa kuti inverter, muli nako kale kamwana ka luso lomweli. Mapampu ambiri a sola a pa mijigo ya masiku ano amayendanso chonchi: dzuwa likachepa amatsika liwiro m'malo mozima. Kusiyana kwake n'kwakuti VFD ya pa paipi ya mafuta imatha kudzadza chipinda chonse.

Masamu amene amakoma

Pa zimene ndinagwira ku koleji ndisanalekeze panjira, lamulo ili ndi limene linandikhala m'mutu. Limagwira pa mapampu a mapiko ozungulira, amene ndi ofala pa mapaipi a mafuta. Likuti ukachepetsa liwiro la pampu, zinthu zitatu zimatsika, koma mosiyana.

Tinene kuti watsitsa liwiro kufika pa 80 peresenti. Mafuta oyenda amatsikanso kufika pa 80 peresenti. Presha imene pampu ikupanga imatsika kwambiri: 0.8 kuchulukitsa ndi 0.8, zikutipatsa 64 peresenti. Koma magetsi ndiye amagwa chagada: 0.8 kuchulukitsa ndi 0.8 kuchulukitsanso ndi 0.8, yankho ndi 0.512. Tengani foni yanu muwerengetse nokha. Wachepetsa mafuta ndi 20 peresenti yokha, koma magetsi atsika pafupifupi ndi theka. Ukatsitsa liwiro kufika pa theka, papepala magetsi amatsala 12.5 peresenti basi.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti muone kukula kwake. Pampu imadya makilowati 1,000 ikamagwira ntchito yonse. Lero pakufunika 80 peresenti ya mafuta. Ukapanikiza ndi valavu, tinene kuti ikudyabe makilowati 900. Ukatsitsa liwiro ndi VFD, n'kuwerengeranso magetsi amene bokosilo limataya lokha, tinene kuti ikudya makilowati 550. Kusiyana kwake ndi makilowati 350. Pa maola 24, amenewo ndi mayunitsi 8,400. Ngati nyumba imodzi imatha mayunitsi 200 pa mwezi, ndiye kuti zimene pampu imodzi yapulumutsa pa tsiku limodzi zingayatse nyumba 42 mwezi wathunthu. Pampu imodzi, tsiku limodzi. Pomwe siteshoni imakhala ndi mapampu angapo, ndipo paipi imakhala ndi masiteshoni angapo.

Bungwe loona za mphamvu padziko lonse la International Energy Agency limati pafupifupi theka la magetsi onse a padziko lapansi amathera mu mota zamagetsi ndi makina amene motazo zimayendetsa. Ndiye nkhani ya liwiro la mota si yamasewera.

Phunziro lochokera ku Alaska

Chitsanzo chabwino cha paipi imene inakulira ntchito yake chili ku America. Paipi ya Trans-Alaska ndi yaitali makilomita pafupifupi 1,290, kuchoka ku Prudhoe Bay mpaka ku doko la Valdez, ndipo inayamba ntchito mu 1977. Mu 1988 inkanyamula migolo ya mafuta yoposa 2 miliyoni pa tsiku. Zitsime zitayamba kuchepa mphamvu, mafuta oyenda anatsika chaka ndi chaka, moti m'zaka zaposachedwapa akhala akuzungulira pa theka la miliyoni pa tsiku kapena kucheperapo.

Paipi ndi yomwe ija, koma katundu watsala gawo limodzi la magawo anayi. Kampani yoyendetsa paipiyi, Alyeska, inatseka masiteshoni ena. Pa masiteshoni akuluakulu otsala inaikapo mapampu atsopano a mota zamagetsi zoyendera VFD m'malo mwa mapampu akale oyendera mainjini a turbine, ntchito imene inayamba m'zaka za m'ma 2000. Cholinga chinali choti mapampu azitha kutsatira kuchuluka kwa mafuta amene alipo, osati amene analipo kale. Paipi imakhala zaka 40 kapena 50, ndipo palibe amene angalonjeze kuti mafuta adzayenda mofanana zaka zonsezo.

Koma phiri silimva za masamu

Apa ndi pamene otsatsa malonda amakonda kudumphapo. Lamulo lokoma lija limagwira bwino pamene pampu ikulimbana ndi kukhulana kwa mafuta ndi paipi, monga pa chigwa chachitali chathyathyathya. Kukhulanako kumachepa kwambiri mafuta akamayenda pang'onopang'ono. Koma pamene ntchito yaikulu ya pampu ndi kukweza mafuta pamwamba, nkhani imasintha. Phiri silifupika chifukwa choti iwe watsitsa liwiro.

Beira ali m'mphepete mwa nyanja, pomwe Mutare ali pa mtunda wa mamita oposa 1,000. Kuti dizilo angoima m'paipi yokwera mamita 1,100, osayenda n'komwe, pansi pake pamakhala presha ya pafupifupi mabaa 90. Tayala la galimoto yaing'ono timalipopa mabaa awiri ndi pang'ono. Mapampu a panjira amagawana ntchito imeneyi, komabe yonse iyenera kugwiridwa, kaya mafuta akuyenda ambiri kaya ochepa.

Kumbukirani kuti pa liwiro la 80 peresenti presha imatsala 64 peresenti. Ngati phiri lokhalo likufuna 70 peresenti, ndiye kuti pampu izingozungulira, magetsi akupita, koma pamwamba sipafika ngakhale dontho. Zili ngati wa kabaza wa njinga yopalasa pa chitunda: pali liwiro limene akatsika kuposa pamenepo, njinga imaima, kasitomala n'kutsika kuyamba kuyenda wapansi. Choncho pa paipi yokwera mapiri VFD imathandizabe, koma malo oti itsitse liwiro ndi ochepa, ndipo magetsi opulumuka safika theka lija.

Ife a ku Blantyre chitsanzo tili nacho pakhomo, ngakhale ndi cha madzi. Madzi ambiri a mumzinda uno amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo amapopedwa kudutsa ku Chileka kukwera mamita pafupifupi 800 kuti afike m'tauni. N'chifukwa chake magetsi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimadya ndalama zambiri ku Blantyre Water Board. Munthu akadzabwera n'kunena kuti ali ndi bokosi lodula bilu imeneyo ndi theka, mufunseni kaye za mamita 800 amenewo.

Ndipo ngati pampu imagwira ntchito pa mphamvu zake zonse chaka chonse, VFD sipulumutsa kanthu. Imawonjezera bilu, poti bokosilo lokha limataya magetsi apakati pa 2 ndi 4 peresenti ngati kutentha.

Ubwino wina umene suoneka pa bilu

Amene mumakhala pafupi ndi chigayo mukudziwa mmene mababu amaphethirira mota ikamalizidwa. Mota yaikulu ikayatsidwa mwachindunji imakoka magetsi ochuluka kasanu mpaka kasanu ndi kawiri kuposa amene imadya ikakhazikika. VFD imaidzutsa pang'onopang'ono, kuchoka pa ziro, moti mawaya, thiransifoma ndi anthu oyandikana nawo savutika.

Paipi nayo imapuma. Mafuta olemera matani ambirimbiri akamayenda, ukawaimitsa kapena kuwakankha mwadzidzidzi, presha imadumpha n'kumenya makoma a paipi ngati nyundo. Ndi kugogoda komwe kuja mumamva m'mapaipi a m'nyumba madzi akabwera mwamphamvu atasowa tsiku lonse. Pa paipi ya mafuta, kumenya kotere kukamabwerezedwa kumafooketsa molumikizira, ndipo paipi ikaphulika si ndalama zokha zimene zimatayika: minda, zitsime ndi mitsinje ya anthu a m'midzi imene paipi yadutsa zimaipitsidwa. Kuyatsa ndi kuzimitsa mofatsa kumachepetsa ngozi imeneyi. Mabeyaring'i ndi zotsekera kuti mafuta asadonthe pa pampu nazo zimakhalitsa, poti sizikugwedezeka ngati kale.

Ku mbali ya gasi, nkhani yake ndi yofanana koma makina ndi ena. Gasi sapopedwa ngati madzi, amapanikizidwa ndi makina otchedwa kompuresa. Makompuresa ambiri a pa mapaipi a gasi amayendetsedwa ndi mainjini amene amawotcha gawo la gasi yemweyo akunyamulidwa. Kumene kuli magetsi okwanira, makampani ena amaika mota zamagetsi za VFD m'malo mwake. Gasi amene akanapsa panjira amakafika kwa wogula, ndipo utsi pa siteshoni umatha.

Zovuta zake zilipo

VFD yaikulu ndi yodula, ndipo kwa dziko ngati lathu imagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zikusowa kalezo. Imadana ndi fumbi, kutentha ndi chinyontho, ndiye imafuna chipinda chozizira komanso chaukhondo. Kuyatsa ndi kuzimitsa kwa timaswitchi tija kumadetsa magetsi a pa mawaya, zimene zingasokoneze makina ena ngati sipanaikidwe zosefera. Magetsi akamagwa mphamvu kapena kuphethira, imadziteteza pozima yokha, ndipo siteshoni yonse imaima. Ndiye tangoganizani ndi mmene magetsi athu amachitira nyengo ya mvula.

Chachikulu kwambiri ndi anthu. Valavu ikavuta, makanika wa sipanala amaikonza. VFD ikavuta pamafunika munthu wodziwa magetsi, zamakompyuta komanso khalidwe la pampu. Akapanda kupezeka, zimene zimachitika m'mafakitale ambiri n'zakuti amalambalala bokosilo, kulumikiza mota mwachindunji, n'kubwerera ku valavu. Ndalama zogulira zija zapita, bilu yabwerera pakale.

Ndiye ife zikutikhudza bwanji?

Tisanamizane. VFD sithetsa mizere pa filingi siteshoni. Mizere ija gwero lake lalikulu ndi kusowa kwa ndalama zakunja zogulira mafuta, ndipo mtengo umene MERA imalengeza umatsatira kwambiri mtengo wa pa msika wa dziko lonse, mphamvu ya kwacha, mayendedwe ndi misonkho. Magetsi opopera ndi kagawo kochepa ka zonsezi. Koma ndi kagawo kamene munthu angathe kukachepetsa ndi nzeru, osadikira kuti zinthu zisinthe ku Middle East.

Mapampu tili nawo kale kuno. Nkhokwe za mafuta za NOCMA ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu zimalandira ndi kutulutsa mafuta ndi mapampu. Mabodi a madzi, masikimu a mthirira, mafakitale a shuga ndi a tiyi, onsewa amayendera mota. Yuniti imene sinatayike pa valavu ndi yuniti imene ingayatse saluni, barbershop kapena shopu yowotcherera zitsulo ku Ndirande.

Komanso nkhani yoti dziko lino lidzakhale ndi paipi yake ya mafuta imabwera n'kupita pafupifupi boma lililonse. Ikadzafika pochitikadi, makomenti athu asadzathere pa funso loti adya zingati, ngakhale limenelonso ndi lofunika. Tidzafunsenso izi: mapampu adzayendera magetsi kapena mainjini? Ngati ndi magetsi, adzachokera kuti, ndipo akathima chidzachitike n'chiyani? Mafuta akachepa adzatsitsa liwiro la mota kapena adzapanikiza valavu? Pa presha yonse yofunika, ya phiri ndi yochuluka bwanji, ya kukhulana ndi yochuluka bwanji? Nanga makinawo akavuta, wokonza adzachokera ku Lilongwe kapena tizidikira ndege yochokera kunja? Mtengo wogulira makina umalipiridwa kamodzi, koma bilu ya magetsi imabwera mwezi ndi mwezi kwa zaka 40.

Kwa anzanga amene muli ku MUBAS, ku MUST kapena m'makoleji a ntchito zamanja mukuphunzira zamagetsi, musangolekera pa kuwayaring'a nyumba. Phunzirani kusetera VFD, ngakhale kakang'ono ka pampu ya sola. Mfundo zake ndi zomwezo, kukula kokha ndiye kumasiyana. Ndipo ngati mumagwira ntchito pamalo pamene pali pampu yaikulu, mawa mukayang'ane valavu ya kutsogolo kwake. Ikakhala kuti imakhala yotseka theka chaka chonse, mwapeza pamene ndalama za abwana anu zikupsera. Tiuzeni m'makomentimu zimene mwaona.